Mapepala a Malemu Makaiko

"Alamu, dzuwa likukwera. A Success ndi munthu wotanganidwa, sangatidikire tsiku lonse."

A Malcolm anayankhula ali chikhalire pa njinga, phazi limodzi pansi, ngati kuti kutsika kukanawachedwetsa. Mayi Makaiko anawamva bwinobwino koma sanafulumire. Anali atagwada kuchipinda, akutulutsa m'sutikesi mtolo wa mapepala a fulusikepu womangidwa ndi chingwe cha nsapato. Anaupukuta fumbi ndi chikhatho, naukulunga m'chitenje chimene anali asanachivalepo, kenaka anatuluka ataufungatira pachifuwa.

Mtolowo unali buku la malemu amuna awo. A Makaiko anali mphunzitsi wa pulayimale kwa Malemia, ndipo Loweruka, anzawo akamapita kumpira kapena kumowa, iwo ankakwera njinga n'kumazungulira chigwa cha Domasi kucheza ndi nkhalamba. Ankazifunsa kumene makolo awo anachokera, chimene anathawa, momwe ankagwirira thangata, ndi amene anayamba kutsegula munda uti. Zonsezi ankalemba ndi dzanja, mwaudongo wa mphunzitsi. Masiku amenewo zolemba zotere sunkayenda nazo poyera, choncho zinkagonera m'sutikesi, pansi pa jekete ya ukwati. A Makaiko anamwalira matipate atatsala pang'ono kufika, ndipo nkhalamba zawo zija zinawatsatira imodziimodzi. Mtolo wina wofanana nawo kunalibe. Ukanatayika umenewo, ndiye kuti basi.

Tsopano abale anali atagwirizana zomanga chiliza cha malemuwo anthu akatha kukolola. A Malcolm, mng'ono wa malemu, amenenso anali mkulu wa mpingo, atamva kuti pa Domasi patsegulidwa malo osindikiza mabuku, anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti pa tsiku la chiliza aliyense adzabwerera kwawo ndi buku la aphunzitsi m'manja. Anthu anaomba m'manja. Mwini sutikesi anazimvera pompo, ali pa benchi ya amayi, chimodzimodzi ndi wina aliyense.

"Ndanena kale, alamu," anatero mayi Makaiko akutseka chitseko. "Ine ndikukaona malowo. Sindinati ndikukasiya mapepala."

"Mukaonanso chiyani? Munthuyo makina ali nawo, chikwangwani ali nacho, buku limodzi watulutsa kale."

"Inu mbuzi yanu ija musanaipereke kwa a Maulidi kuti akusungireni, simunapite kaye kukaona khola?"

A Malcolm anaseka mouma. Anati awakweze pa kaliyala, koma mayiwo anakana, poopa kugwa ndi mtolo. Choncho anayenda pansi, a Malcolm akukankha njinga ndi kudandaula njira yonse.

Chaka chimenecho aliyense ankafuna kusindikiza kanthu. Anthu anali atakhala chete nthawi yaitali, ndipo pakamwa patatseguka, nyuzipepala zinkabadwa Lolemba n'kufa Lachisanu. Mayi Makaiko sankadana nazo zimenezo. Iwonso mumtima ankalakalaka kuona dzina la amuna awo pachikuto cha buku, ana asukulu akuliwerenga. Kungoti anali munthu woti ngakhale tomato sagula asanamutembenuze.

Malowo anali kuseri kwa golosale, pafupi ndi msewu wa Zomba ndi Liwonde. Chikwangwani chinali chachikulu kuposa chitseko, utoto wake ukadali wonyezimira: CHIGWA PRESS, TIMASINDIKIZA MABUKU. Pakhonde panali mayi wonenepa akukazinga mandasi, pambali pake lichero la matemba ouma. Ameneyo anali Dina, mkazi wa mwini malo. Fungo la mafuta opsa, la nsomba ndi la inki linasakanikirana pakhomo pomwepo, moti mayi Makaiko anayamba ameza malovu asanalowe.

A Success, mwini maloyo, anatulukira atatambasula manja onse awiri. Anali bambo wa zaka zapakati, atavala suti ya bulauni ndi tayi kutentha konseko. Anthu ankati anagwirapo ukalaliki ku Blantyre.

"Mayi, takulandirani. Pepani ndi zovuta zija. Malemu a Makawa anali munthu wamkulu m'chigwa muno. Ine nditamva za imfa yawo sindinadye."

"A Makaiko," anatero mayiwo.

"Eya, omwewo. Khalani pampando."

Chipinda chinali chimodzi. Pakona panali makina opukusa ndi dzanja, amtundu womwe masukulu amasindikizira mayeso. Mayi Makaiko anawazindikira, chifukwa nyengo ya mayeso amuna awo ankabwera kunyumba manja ali bii. Pawindo panali mayi wachitsikana dzina lake Janeth, akutayipa pa sitensulo, pepala lopyapyala lija limene tayipi imaboola zilembo kuti inki idutse. Janeth sanadzutse mutu. Akamaliza tsamba la zolemba za munthu, ankaliponya m'katoni imene inali kumapazi kwake, n'kutenga lina.

"Ndati ndione buku limene mwatulutsa kale," anatero mayi Makaiko.

A Success anatsegula kabati monyadira n'kutulutsa kabuku kopyapyala, komangidwa ndi timawaya tiwiri, kamodzi kokhota. Pachikuto panalembedwa kuti Moyo wa Bambo Anga, Telala wa ku Naisi, ndipo wolemba anali Che Mohamedi. Mayi Makaiko anakatsegula. Mizere ina inali yotsetsereka, ina yofufutika, ndipo pa tsamba lina inki inali itataikira pakati penipeni. Atakatseka anaona kuti zala zawo zada.

"Amawerenga ndani zolembazi musanazisindikize?"

"Kuwerenga amawerenga ndi ogula, mayi. Ife ntchito yathu ndi kusindikiza. Tikamati tiwerenge chilichonse chobwera muno, makinawa angachite dzimbiri."

A Malcolm anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu wofuna kuti zinthu ziyende. Mayi Makaiko sanaseke.

A Success anapempha kuti aone mtolo. Mayiwo anamasula chitenje monyinyirika. Bamboyo anaunyamula ndi dzanja limodzi n'kumaukweza ndi kuutsitsa monga amachitira ogula nkhuku.

"Iii, lanenepa ili. Koma musadandaule, tidzalichepetsa thupi."

Sanafunse kuti bukulo likunena za chiyani. Ananyambita chala, chimene chinali chonyezimira ndi mafuta a mandasi, n'kuyamba kupinda ngodya za mapepala. Mayi Makaiko anatambasula manja awiri mwaulemu, nalanda mtolo wawo, n'kuuika pamiyendo.

Nthawi yomweyo Dina analowa osaodira, anawerama pa katoni ya Janeth, natapa mapepala odzaza dzanja, n'kutuluka nawo.

"Amenewo akupita nawo kuti?" anafunsa mayi Makaiko.

"Zotha ntchito zimenezo," anatero a Success akuwongola tayi. "Tiyeni tikambe za chikuto. Chithunzi cha malemu muli nacho?"

Asanayankhe, pakhomo panamveka odi. Analowa mkulu wina wamtali, woonda, atavala mkanjo woyera ndi kofia, ndodo kumanja. A Success nkhope inagwa, koma anaidzutsanso msanga.

"Che Mohamedi! Mayi, awa ndiye olemba athu oyamba. Afunseni okha momwe timagwirira ntchito."

"Andifunsedi," anatero mkuluyo, osakhala pansi. Anapereka moni kwa alendo, kenaka anatembenukira kwa a Success. "Ndabweranso, mwanawe. Mapepala anga."

"Tikufunafunabe, bambo. Mukudziwa, ntchito yachuluka."

"Mwezi watha munati mukufunafuna. Chipinda chake chomwechi, chimodzichi?"

Mayi Makaiko anakweza kabuku kaja. "Bambo, buku ili ndi lanu?"

"Dzina ndi langa, mama. Buku silanga." Che Mohamedi anatenga kabukuko n'kutsegula pakati, osafunafuna, monga munthu amene watsegulapo kambirimbiri. "Bambo anga anayenda wapansi kuchoka ku Naisi mpaka ku Kilimane, kunyanja yamchere, kukagula makina osokera. Anabwera atasenza mutu wa makinawo pamutu pawo. Ulendo umenewo ndiwo unandilembetsa buku. Tsono taonani. Tsamba ili akutsanzika amayi anga, atenga kamba wawo, anyamuka. Tembenuzani. Tsamba lotsatirali tikuwaika m'manda ali nkhalamba. Ulendo wonse mulibe. Anzanga ku mzikiti akundifunsa kuti kodi makina aja anabwera okha?"

"Bambo, ndinakufotokozerani," anatero a Success, mawu ali ofewa ngati akunyengerera mwana. "Lamulo lathu ndi bokosi limodzi la masitensulo, buku limodzi. Masitensulo amachokera kutali. Janeth akaona kuti bokosi likutha, amalumphira kumapeto kuti buku likhale ndi mathero. Chofunika ndi chiyambi ndi mathero. Zapakatizi anthu sawerenga."

"Inu simuwerenga," anatero Che Mohamedi. "Basi, zimenezo ndinazisiya m'manja mwa Mulungu. Ndikungofuna mapepala amene ndinalemba ndi dzanja langa."

"Koma a dzanja mukatani nawo, pomwe muli ndi osindikiza?"

Mkuluyo anangoti akadikira panja, pansi pa mtengo wa mango, mpaka mapepalawo apezeke, ndipo anatuluka ndodo ikugogoda pansi.

Mayi Makaiko anali atamva zokwanira. Akanatha kunyamuka pomwepo, ndipo pambuyo pake anadziimba mlandu kuti sanatero. Koma anali atayenda mtunda wautali atamwa tiyi wam'mawa, ndipo thupi silidikira zokambirana. Ananong'oneza Dina pakhomo, Dina nawalozera kuseri. Kupita ndi buku la amuna awo kumalo otero sakanatha. Anauika mtolo m'manja mwa a Malcolm.

"Gwirani, alamu. Musapatse munthu. Ndikabwera tizipita."

"Pitani, pitani," anatero a Malcolm.

Chimbudzi chinali cha maudzu, chitseko chake chiguduli. Ntchentche zinawalandira asanafike. Anagwira mphuno ndi nsonga ya chitenje n'kulowa. Pakhoma, pa msomali wopindika, panabayidwa mpukutu wa mapepala oti anthu azigwiritsa ntchito. Zimenezo sizinali zachilendo, m'zimbudzi zambiri mumakhala nyuzipepala zakale kapena makope otha. Koma awa anali olembedwa ndi inki ya buluu, zilembo zazikulu zoimirira, za munthu amene amalemba pang'onopang'ono. Pamwamba pa tsamba lililonse panali kamzere ka zilembo za Chiarabu. Maso a mayi Makaiko anagwera pa mzere woyamba asanafune n'komwe.

"Atafika pamtsinje anapeza madzi adzaza, ndipo bambo anamanga makina aja pamutu ndi nsalu ya amayi, nati ngati ndimira ndimira nawo."

Anaima chilili. Tsamba lotsatira linali long'ambidwa pakati, theka lake litapita kale kudzenje. Pansi, pafupi ndi dzenjelo, panali zidutswa zina zokwinyika zimene sanafune kuziyang'ana kawiri. Fungo la malowo akanalipirira, anapirirapo zoposa pamenepo. Chimene chinawanyansa n'chakuti tsiku ndi tsiku munthu wa suti uja ankabwera muno, n'kuthothola tsamba pa ulendo wa bambo wa mnzake, kenaka n'kubwerera kukamuuza mwini wake kuti tikufunafunabe.

Chimene anabwerera anachiiwala. Anasolola mpukutu wonse pa msomali n'kutuluka nawo, ataugwira ndi zala ziwiri.

Che Mohamedi anali atakhala pa muzu wa mango. Ataona inki ya buluu anadzuka mofulumira kuposa msinkhu wawo, natambasula dzanja, nkhope ikuwala.

"Mama, mwawapeza kuti?"

Mayi Makaiko anafuna kunama. Anafuna kunena kuti m'katoni, kapena kuseri kwa kabati. Koma mkuluyo anali atanamizidwa kokwanira.

"M'chimbudzi, bambo. Pa msomali. Ena apita kale."

Dzanja lija linaima m'malere, kenaka linabwerera pang'onopang'ono. Che Mohamedi anayang'ana kamzere ka Chiarabu kaja.

"Tsamba lililonse ndinkayamba ndi dzina la Mulungu," anatero motsitsa. "Ndi mmene anatiphunzitsira."

Anatulutsa kansalu m'thumba, nakayala pansi, napempha mayiwo kuti aike mapepalawo pamenepo. Anamanga ngodya zake osakhudza pepala ngakhale limodzi.

"Awa sangalowenso m'nyumba mwanga. Ndikawotcha, phulusa ndikakwirira pamalo oyera."

"Simungalembenso, bambo?"

"Maso atha, mama. Ndiponso zambiri ankandiuza ndi achemwali anga a Mwanahamisi, ndipo iwowo tinawaika m'manda chaka chatha." Anatola ndodo yawo. "Ndinaona mwafungatira mtolo. Ndi wanu?"

"Wa malemu amuna anga."

"Nanga uli kuti?"

Apo ndi pamene mayi Makaiko anamva phokoso la tayipi. Linali likumveka nthawi yonseyi, koma tsopano linawalowa m'khutu mwina. Anathamanga, mayi wamkulu amene anali asanathamangepo chimwalirire amuna awo.

Chingwe cha nsapato chinali pansi, chodulidwa ndi lezala. Chitenje chinali pampando. Mtolo unali pa tebulo la Janeth, utamasuka, ndipo Janeth anali akutayipa, maso pa zilembo za a Makaiko. A Success ndi a Malcolm anali atakhala moyang'anana, akudya mandasi otentha.

"Wamasula ndani?"

"Alamu, khalani pansi kaye," anatero a Malcolm, m'kamwa muli modzaza. "Ndimati angoyambako. Nthawi yatha, chiliza chayandikira. Ndiponso a Success alonjeza kuti lathuli alipatsa bokosi ndi theka."

Mayi Makaiko anapita pa tebulo n'kuika chikhatho pa mtolo. Janeth anasiya kutayipa. Tsamba limene linali pamwamba linali lachiwiri.

"Loyamba lili kuti?"

"Lija la mawu opereka buku?" anatero Janeth, akuyankhula koyamba tsiku limenelo. "Amenewo sititayipa, amangotha sitensulo. Ndaponya m'katoni."

M'katoni munalibe kanthu. Dina anali atadutsamo kale.

Mayi Makaiko anatembenuka kuti athamangire pakhonde, koma maso awo anaima pa dzanja la a Malcolm. Mandasi amene mlamu wawo ankadya anali okulungidwa m'pepala la fulusikepu. Mafuta anali atalilowerera mpaka kumaonekera kuseri, ndipo pakati pa mafutawo panali zilembo zopendekera kumanja, zimene iwo akanazizindikira ngakhale mumdima.

"Alamu," anatero, mawu ali pansipansi, "tawerengani chimene mwagwiracho."

A Malcolm anayang'ana m'dzanja mwawo. Anachotsa ndasi lotsala n'kuliika pa bondo, natambasula pepalalo. Anayamba kuwerenga mokweza, mwachizolowezi cha mkulu wa mpingo, asanazindikire chimene akuwerenga.

"Kwa mkazi wanga Christobel, amene Loweruka lililonse ankandisungira chakudya mpaka chizizire, ndipo ankadandaula, koma sanandibisirepo pampu ya njinga."

Chimene chinali m'kamwa chinakana kutsika. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatuluka panja, ndipo onse anawamva akulavula kuseri kwa chikwangwani.

Mayi Makaiko mawu amenewo ankawadziwa pamtima. Anali asanawamvepo akuwerengedwa ndi munthu wina, ndipo sanaganizepo kuti tsiku lowamva lidzakhala lotere. Misozi inabwera, koma mkwiyo unaibweza. Anatola pepalalo pamene a Malcolm analigwetsa, naliika padera kuti lisapake mafuta anzake. Anasonkhanitsa mtolo, nayang'ana kuti masamba akutsatana, namanga ndi zidutswa za chingwe chija atazilumikiza.

"Mayi, musakwiye ndi kapepala kamodzi," anatero a Success. "Mkazi wangayu sadziwa kusiyanitsa. Ndimukalipira."

"Mkazi wanu alibe mlandu. Iye akudziwa kuti amagulitsa mandasi. Inu ndi amene simukudziwa chimene mumagulitsa." Anakulunga mtolo m'chitenje. "Ndachokera kuchimbudzi kwanu. Ulendo wa ku Kilimane ndaupeza."

Janeth anayang'ana pansi. A Success anaseka pang'ono.

"Mapepala ndi osowa masiku ano, mayi. Tingataye mapepala abwinobwino? Tsono mukapita nalo kuti bukuli? Ku Blantyre akakusungani zaka, mwinanso osakuyankhani. Kuno chiliza chisanafike likhala litatuluka."

"Lakhala kale zaka m'sutikesi, ndipo silinachepe thupi."

Anatuluka osatsanzika, chinthu chimene anali asanachitepo pakhomo pa munthu. Pakhonde Dina anali akukulungira kasitomala matemba m'tsamba la munthu wina, lolembedwa ndi pensulo. Mayi Makaiko anayang'ana kumbali. Pansi pa mango panalibe munthu. Che Mohamedi anali kutali mumsewu wa ku Naisi, kamtolo kawo atakanyamula motalikitsa ndi mkanjo.

Pobwerera a Malcolm anakankha njinga mpaka anawoloka mlatho. Kenaka anakhosomola.

"Alamu, ndalakwa."

"Mwalakwadi."

Anayendanso pang'ono.

"Nanga anthu ndikawauza chiyani? Ndinalengeza pamaso pa mpingo wonse. Abale a ku Malosa auzana kale."

"Pamene munaimirira polengeza paja sipanachoke. Mukaimirirenso pomwepo."

Atafika kunyumba, mayi Makaiko anaika makala mu simbi, nayala tsamba lija pakati pa nsalu ziwiri zakale n'kulisita mosamala. Mafuta ena anatuluka, ambiri anakana. Pepalalo linatsala lachikasu, loonekera kuseri, ndipo fungo la mandasi silinachoke. Koma mawu onse ankawerengeka. Analikulunga palokha n'kulibwezera pamwamba pa anzake.

Lamulungu lotsatira a Malcolm anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti pa chiliza sipadzakhala buku. Sanafotokoze zambiri. Anthu ananong'onezana, ena anati mayi wamasiyeyo ndi wouma mtima, akukaniza abale chuma cha malemu. Mayi Makaiko anazimva zonsezo ali pa benchi yawo, ndipo zinawapweteka, chifukwa palibe amene ankalifuna bukulo kuposa iwo. Koma atakumbukira msomali uja, anangokonza mpango wawo n'kutsegula buku la nyimbo.

Loweruka m'mawa anamva belu la njinga pabwalo. Ulendo uno a Malcolm anatsika. Pa kaliyala anali atamanga mpukutu wa mapepala atsopano a fulusikepu, ndipo m'thumba la malaya munali mabolopeni.

"Ndaganiza kuti tikopere," anatero, maso ali pansi. "Pakhale awiri. Tikadzapeza osindikiza enieni, tidzapereke wokoperawo. Dzanja langa si la aphunzitsi, koma limawerengeka."

Mayi Makaiko anayang'ana mpukutuwo. Mtolowo unali waukulu, ndipo ntchitoyo inali yoti chiliza chidzadutsa, mvula n'kugwa, iwo akulembabe.

"Mukopera pakhonde pano," anatero. "Ndizikupatsani tsamba limodzi. Mukamaliza mundibwezere, ndikupatseni lina. Palibe kulumpha."

"Palibe kulumpha," anavomera a Malcolm.

Mayiwo anatulutsa tebulo ndi mpando, kenaka analowa kuchipinda n'kubwera ndi tsamba loyamba, lachikasu lija. A Malcolm anatambasula dzanja kuti alandire. Mayi Makaiko sanapereke. Analoza ndi chibwano kumapeto kwa khonde, kumene anali ataikako beseni la madzi ndi sopo.

"Yambani mwasamba m'manja, alamu."